Kodi Munthu Wonamiziridwa Akhale Chete?

Abale okondedwa a ku Mvera, a ku Kongwe, a ku Mponela ndi a m'mapiri a Ntchisi, mwezi uno tisinkhesinkhe pamodzi za funso limene livuta mitima ya Akhristu ambiri. Funsolo ndi ili: munthu akanamiziridwa mlandu umene sanauchite, ndipo bodzalo likalembedwa m'nyuzi kapena kuulutsidwa pa wailesi, iye achitenji? Akhale chete ndi kusiya zonse m'manja mwa Mulungu, kapena anyamuke kukafuna chilungamo ku bwalo? Ena ati Mkhristu woona sadandaula. Ena ati wosadandaula ndiye wavomera mlandu. Tiyeni tiike mau onse awiri pa muyeso, pakuti tsoka lotere silisankha khomo, ndipo akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Bodza la kale ndi bodza la lero

Makolo athu analidziwa bodza, naliopa. Koma bodza la masiku ao linali kuyenda pansi. Linayamba pa mtondo, nilifika ku chitsime, nilikagona ku mowa, ndipo pofika mudzi wachitatu linali litalema. Wonenedwa anadziwa amene anamnenera, nakhoza kumuitanira ku bwalo la mfumu, kumene ankhoswe a onse awiri anakhala pansi ndi kumva mbali zonse. Sitinena kuti masiku aja anali okoma m'zonse, iai. Wonenedwa ufiti anammwetsa mwavi, ndipo osachimwa ambiri anafa nao, chifukwa khungwa la mtengo silidziwa kusiyanitsa wolungama ndi woipa. Pamene A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anafika pa Mvera m'dziko la Chiwere m'chaka cha 1889, mwambo umenewo unali ukali wamphamvu. Boma linauletsa ndi lamulo la za ufiti la chaka cha 1911, ndipo lamulolo likali kugwira ntchito. Ambiri sadziwa mfundo yake ina yaikulu: liti munthu woloza mnzake chala ndi kumutcha mfiti walakwa, ndipo angamangidwe, kupatula ngati wakatula dandaulo lake kwa mfumu, kwa apolisi kapena ku bwalo.

Bodza la lero lamera mapiko. Chonenedwa m'mawa pa msika wa Mponela chifika ku Malomo dzuwa lisanapendeke, ndipo usiku womwewo achiwerenga pa foni ana athu a ku Johannesburg. Munthu agwidwa, amjambula ali mu unyolo, ndipo nyuzi ilemba dzina lake, zaka zake, mudzi wake ndi mfumu yake. Mlembi wosamala aikapo mau akuti "woganiziridwa", koma mau amenewo agwera m'njira, ndipo chofika m'makutu a anthu nchakuti uje ndi mbala. Miyezi ikapita, bwalo likammasula, palibe wobwera kudzamjambulanso.

Zimene dziko lathu laona

Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa wa Nyasaland, Sir Robert Armitage, analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo atsogoleri a Congress anagwidwa kusanache. Tsiku lomwelo nyumba ya malamulo ya ku London inauzidwa kuti Congress inapangana chiwembu cha kupha Azungu, ndipo nyuzi za kumeneko zinafalitsa mbiriyo. Anthu oposa 1,300 anatsekeredwa osaweruzidwa, ena ku Kanjedza, ena ku Khami ndi ku Gwelo m'dziko la Southern Rhodesia, ndipo anthu ngati 50 anaphedwa m'masabata amenewo. Pambuyo pake boma la Britain linatuma woweruza Sir Patrick Devlin ndi anzake atatu kudzafufuza. Iwo anayenda m'dziko, namva mboni mazanamazana, ndi akaidi omwe. Mu Julayi 1959 analemba kuti mau a chiwawa analankhulidwadi pa msonkhano wa Congress wa mu Januwale, koma umboni wa pangano la kupha anthu monga linanenedwa sanaupeze, pakuti mbiriyo inatsamira pa mau a akazitape amene sanali odalirika. Komabe Dr. Banda sanatuluke m'ndende kufikira pa 1 Epulo 1960. Taonani: bodza linalowa tsiku limodzi, choonadi chinatenga miyezi inai kuti chilembedwe, ndipo chitseko cha ndende chinatseguka patapita pafupifupi miyezi 13.

Ndipo tisaloze Azungu okha. Dziko litalandira ufulu mu 1964, anthu a mtundu wathu anatsekeredwa osaweruzidwa pa Dzaleka, muno m'Dowa momwe, malo amene chiyambire 1994 ndi msasa wa anthu othawa kwao. Nthawi imeneyo kunong'ona kwa mnansi wanjiru kunali kokwanira kumchotsa munthu pa banja lake, popeza panalibe bwalo lomva mbali yake, kapena nyuzi yolimba mtima kufunsa. M'zaka zathu zomwe, mu Januwale 2016, okalamba anai anaphedwa ku Neno atanenedwa ufiti chifukwa mphezi inapha mtsikana. Mu 2017 mbiri ya anamapopa inabuka ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, ndipo anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu a anthu; mu 2020 mbiri yomweyo inafika kumpoto ndi m'chigawo chathu chapakati.

Pa zonsezi tiphunzira ziwiri. Choyamba, mau sasanduka oona chifukwa chakuti asindikizidwa, kapena chifukwa atuluka m'kamwa mwa wamkulu. Chachiwiri, bodza silifa lokha. Kumene linagonja, linagonja chifukwa wina anaima nafunsa mboni. Kumene panalibe wofunsa, anthu anafa.

Malembo atiphunzitsanji?

Onena kuti Mkhristu akhale chete ali ndi chifukwa chao, ndipo tisawapeputse. Akumbuka Ambuye wathu pamaso pa Pilato, amene sanayankhe zomnenera ansembe aakulu. Akumbukanso kuti Paulo anadzudzula Akorinto chifukwa cha kukokerana ku mabwalo a akunja, mbale ndi mbale wake. Zonsezi nzoona. Koma tiwerenge Buku lonse. Ambuye yemweyo, msilikali atammenya pamaso pa mkulu wa ansembe, anamfunsa kuti aonetse choipa chimene wanena (Yohane 18). Yosefe, atanamiziridwa ndi mkazi wa Potifara, sanabwezere choipa. Koma m'ndende anauza wopereka chikho kuti sanachite kanthu koyenera dzenje, nampempha kuti akamtchule kwa Farao (Genesis 40). Naboti anaponyedwa miyala chifukwa cha mboni ziwiri zonama, ndipo Mulungu sanaiyese nkhaniyo yatha, koma anatuma Eliya kukaiutsa pamaso pa mfumu (1 Mafumu 21).

Woposa onse potiphunzitsa ndi Paulo pa Filipi (Machitidwe 16). Anamnamizira pa msika, namkwapula pamaso pa anthu, namtsekera. M'mawa mwake oweruza anatumiza mau kuti amtulutse kachetechete. Paulo anakana. Anatchula ufulu wake monga mfulu ya Roma, nafuna kuti amene anamchititsa manyazi poyera abwere okha kudzamtulutsa poyera. Sanapemphe kuti oweruzawo akwapulidwe. Anafuna kuti mudzi wonse udziwe kuti sanachimwe, pakuti akadachoka mobisika, mpingo waung'ono wa m'nyumba ya Lidiya ukadatsala ndi dzina la ophunzira a chigawenga. Pambuyo pake, pamaso pa Festo, anapempha kuti mlandu wake ukamveke kwa Kaisara.

Tsono yankho lathu ndi ili: mkhululukire wonamayo, koma bodza lake usalisiye chiimire. Kukhululuka ndi ntchito ya mtima, ndipo Mkhristu sangaithawe. Kugwetsa bodza ndi ntchito ya choonadi, ndipo nayonso sangaithawe, pakuti dzina la munthu si lake yekha. Alinyamula mkazi wake popita ku chitsime, ana ake popita ku sukulu, ndi mpingo wake pa Sabata. Wolola bodza kukhazikika aphunzitsa wonamayo kuti mawa anamizire wina wofooka koposa iye.

Ufulu wa munthu wogwidwa

Malamulo Aakulu a dziko lathu, a chaka cha 1994, anaika m'gawo 42 zinthu zimene Mkhristu aliyense ayenera kuzidziwa monga adziwa njira ya ku munda wake. Wogwidwa auzidwe msanga chifukwa chake, m'chinenero chimene amva. Ali ndi ufulu wakukhala chete, ndipo palibe amene angamkakamize kuvomera mlandu. Aonekere ku bwalo asanathe maora 48, kapena, nthawiyo ikathera pa tsiku limene bwalo silikhala, pa tsiku loyamba limene likhala. Aloledwe kuonana ndi loya ndi abale ake. Angapemphe belo, ndipo belo ya kupolisi njaulere. Choposa zonse, lamulo limuyesa wosachimwa kufikira bwalo litampeza wolakwa. Ntchito yoonetsa umboni nja womneneza.

Chifukwa chake, mbale, ukagwidwa usalimbane ndi apolisi, ndipo usathawe, pakuti wothawa adzilembera yekha mlandu wachiwiri. Usasaine kapena kudinda chala pa kalata imene sunaiwerenge kapena kuimva. Usavomere chimene sunachite poyembekeza kuti utuluke msanga. Ambiri anayesa kufupikitsa njira motero, nakhala ndi dzina la mbala moyo wao wonse. Wosauka asataye mtima chifukwa alibe ndalama za loya, pakuti lamulo la chaka cha 2011 linakhazikitsa Legal Aid Bureau kuti ithandize anthu otere. Amene anazunzidwa ndi apolisi angadandaule ku bungwe lomva madandaulo a anthu pa apolisi, kapena ku Malawi Human Rights Commission; ndipo amene ofesi ya boma inamchitira zosalungama angapite kwa Ombudsman. Munthu amene anatsekeredwa popanda chifukwa, kapena anazengedwa mlandu mwa njiru ndipo bwalo linammasula, angasume kuti alandire chipukuta misozi. Adziwenso onse kuti kukapereka mbiri yonama kwa apolisi mwadala, ndi kunama utalumbira pa bwalo, ndi milandu imene munthu alangidwa nayo.

Njira yotsukira dzina

Dzina likadetsedwa m'nyuzi, pa wailesi kapena pa foni, pali makwerero, ndipo wanzeru ayamba pansi.

Choyamba, sunga umboni. Sunga tsamba la nyuzilo ndi tsiku lake. Lemba dzina la wailesi, tsiku ndi ora. Jambula uthenga wa pa foni asanaufufute. Lemba maina a anthu amene anamva. Bwalo likakumasula, pempha kalata ya chigamulo, pakuti kalata imeneyo ilankhula pamene iwe palibe. Ndipo gwira lilime lako ndi chala chako. Woyankha mwano ndi mwano pa Facebook apatsa mdani wake ndodo yommenyera.

Chachiwiri, ngati wokunenerayo ndi mnansi kapena mbale mumpingo, tsata njira ya pa Mateyu 18: pita kwa iye pa yekha, kenaka ndi mboni, kenaka kwa akulu a mpingo kapena kwa nyakwawa. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Apa ndi pamene mau a Paulo kwa Akorinto agwira ntchito. Koma upemphe chinthu chimodzi mosabisa: kuti bodza libwezedwe pamalo pomwe linanenedwa, pamaso pa anthu omwe analimva.

Chachitatu, ngati ndi nyuzi kapena wailesi, lembera mkonzi kalata yaulemu, yotchula tsiku, mau olakwawo, ndi choona chake, ndi umboni wako. Pempha kuti akonze, apepese, ndi kukupatsa malo oyankhapo. Mwambo wa atolankhani uwalamula kumva mbali zonse ndi kukonza cholakwa. Akakana, dandaulo lako lingapite ku Media Council of Malawi, ndipo ngati ndi wailesi, ku MACRA, bungwe limene lipereka ziphaso kwa nyumba zoulutsira mau.

Chachinai, ndicho chotsiriza, ndi bwalo la milandu. Kale boma linali kumanga munthu chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake. Koma mu Julayi 2025 Bwalo Lalikulu, pa mlandu wa Joshua Chisa Mbele, linagamula kuti gawo 200 la malamulo a zaupandu, limene linalola zimenezo, lisemphana ndi Malamulo Aakulu. Chotero woipitsidwa dzina asayembekeze kuti apolisi akamtsekerera mdani wake. Asume yekha, napemphe chipukuta misozi ndi kuti bodzalo lileke kufalitsidwa. Ayenera kuonetsa kuti mauwo ananenedwa kwa anthu ena, kuti ananena za iye, ndi kuti anamtsitsa pamaso pa anthu. Wosumiridwa angapulumuke akaonetsa kuti mauwo ngoona. Nyuzi imene inangolemba molungama zimene zinanenedwa pa bwalo nayonso lamulo liitchinjiriza, ngakhale nkhaniyo inakupweteka. Koma wobwereza bodza sangabisale kuti anangomva kwa wina. Wolitumiza kwa anzake alisenza pamodzi ndi wolipeka.

Tikuchenjezeni, abale, kuti njira imeneyi njaitali ndi yodya chuma. Milandu igona zaka, ulendo wa ku Lilongwe ufuna ndalama, ndipo wogonja kawirikawiri alipira zoonongeka za mnzake. Ena agulitsa ng'ombe ndi fodya wa chaka chonse, natsala ndi chigamulo cha pa pepala. Musalowemo muli ndi mkwiyo, ndipo musalowemo musanafunse wodziwa malamulo; komanso musachedwe kufunsa, pakuti lamulo liika malire a nthawi yosumira. Munthu adzifunse pamaso pa Mulungu: kodi ndifuna kuti choonadi chiime, kapena ndifuna kuti mdani wanga agwe? Ngati wonamayo abwera navomera poyera, ndipo mtima wako ukali kufuna mbuzi zake ndi denga lake, dziwa kuti wasiya njira ya Paulo, walowa njira ya kubwezera.

Tisaiwalenso kuti si dandaulo lililonse logonja pa bwalo limene lili bodza. Alipo ozunzidwa, makamaka akazi ndi ana, amene anena zoona koma asowa mboni. Amene agwiritsa ntchito makwerero awa kuopseza wonena zoona achimwa kawiri. Ndipo nyuzi yaufulu ndi mphatso imene anthu a pa Dzaleka anailira osaipeza. Tifuna kuti ikonzedwe ikalakwa, sitifuna kuti itsekedwe pakamwa.

Chimene bwalo silingathe

Tsopano mau athu atembenukira kwa ife amene sitinanamiziridwe, pakuti mbali yaikulu ya mlanduwu ili pa ife. Woweruza angatsegule chitseko cha ndende. Angalamule kuti ndalama ziperekedwe. Mkonzi angalembe mizere itatu ya kupepesa pa tsamba la m'kati. Koma palibe woweruza amene angalamule mudzi kuti ukhulupirirenso munthu. Dzina likhala m'mitima ya anansi, ndipo anansi okha ndiwo angalibweze. Munthu amasulidwa ku Dowa kapena ku Ntchisi pa boma, nabwera kwao. Apeza kuti anthu aleka kugula pa okala yake, komiti ya mpingo yasankha msungichuma wina, ndipo kwa chibwenzi cha mwana wake atumiza mau kuti ayambe aganiza. Ukawafunsa ati, galu wamkota sakandira pachabe. Mwambi umenewo waononga osachimwa ambiri, pakuti mboni za Naboti nazo zinakanda, ndipo pansi panalibe kanthu. Kwa wonamiziridwa kutsala mwambi wina wowawa, wakuti mvula ikakuona litsiro sikata.

Katekisma wa Heidelberg wa chaka cha 1563, pa funso 112, pomasulira lamulo lachisanu ndi chinai, satha ndi kuletsa kunama kokha. Aphunzitsa kuti tisatsutse munthu tisanamve mbali yake, ndi kuti titchinjirize mbiri yabwino ya mnzathu monga tingathe. Chotero wokhala chete pamene mnzake adyedwa miseche sanasunge lamulolo. Kusunga kwake ndi kotere. Ukalandira uthenga woneneza munthu, funsa kuti anaona ndani, ndipo ukapanda yankho, uthere pa iwe. Ngati unautumiza kwa anthu khumi, choonadi chikadziwika uchitumize kwa khumi omwewo. Ngati uli ndi umboni womthandiza woimbidwa mlandu, pita ku bwalo ukanene, ngakhale ulendo ukudyere tsiku la kumunda. Pamene mlandu uli m'kati, kamuoneni m'ndende, mulimireni munda wake, ndipo ana ake asagone ndi njala. Akulu a mpingo asafulumire kumuika pa chilango chifukwa cha nkhani za m'maluwa. Ndipo akamasulidwa, mbusa anene pa gome, nyakwawa inene pa bwalo, ndi mau okweza monga momwe bodza linakwezedwera. Abwezeredwe udindo wake, ndipo mkulu wa mpingo akhale woyamba kukadya nsima pa khomo pake.

Anthu ati madzi akatayika saoleka, ndipo nzoona kuti munthu mmodzi sangawaole. Koma mudzi wonse ungatunge ena ndi kudzaza mtsuko wa mnzao.

Kwa iwe mbale kapena mlongo amene uli m'moto umenewu mwezi uno, tinena: usachite manyazi kufuna chilungamo, pakuti malamulo amene akutchinjiriza anagulidwa ndi misozi ya anthu amene analibe. Yenda makwerero mwa dongosolo, ndi mtima wofatsa ndi mau oona. Mpempherere wokunamizirayo, pakuti katundu wake ndi wolemera koposa wako. Ndipo ngati mabwalo a pansi pano achedwa kapena alephera, kumbuka kuti liripo bwalo lina limene silisowa mboni, ndi Woweruza amene sawerenga nyuzi kuti adziwe mtima wa munthu. Iye akusunge, nakupatse anansi olimba mtima.